Mmisiri asakudyereni mpamba: ndalama izitsatira ntchito

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ikafika, dzuwa likamaswa mtengo, ntchito zokhudza madzi zimachuluka mu Blantyre muno. Eni malo ogona alendo ndi nyumba zikuluzikulu za ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe amayamba kukonzetsa maiwe osambiramo a kuseri kwa nyumba kuti zisangalalo za kumapeto kwa chaka ziwapeze ali okonzeka. Kuno ku Soche, Zingwangwa, Chimwankhunda ndi Nkolokosa, amalonda ang'onoang'ono nawo amakhala ali kalikiliki. Wina akumangitsa thanki ya simenti kuti bizinesi yake yotsuka magalimoto isaime mipope ikauma, wina akukonzetsa thanki yakale ya palesitilanti, wina akukumbitsa dziwe la nsomba kuseri kwa nyumba.

Kaya ndi dziwe losambiramo la paloji, kaya ndi thanki ya mayi wophika zakudya, ntchitoyi ndi imodzi: kusunga madzi m'kati mwa simenti. Madandaulo akenso ndi amodzimodzi. Mmisiri walandira ndalama, wakumba dzenje, foni yake yasiya kupezeka. Simenti yemwe amati akwana watha ntchito isanafike pakati. Mtengo womwe munagwirizana wakwera kawiri. Kapena ntchito yatha bwinobwino, malipiro onse aperekedwa, koma patatha sabata madzi ayamba kutsika okha.

Kwa mwini nyumba wa ndalama zake, izi ndi zokhumudwitsa chabe. Kwa wamalonda, ndalama imene yakwiriridwa m'dzenjemo ndi mpamba, ndipo nthawi zambiri ndi ngongole ya kubanki mkhonde yomwe chiwongoladzanja chake sichidikira kuti thanki ithe. Sabata ino tiona momwe mungadzitetezere. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: ntchito izikhala patsogolo, ndalama izitsatira m'mbuyo, ndipo malipiro omaliza asatuluke madzi asanagone m'thankimo.

Madzi si katundu wopepuka

Ambiri timaganiza kuti aliyense wodziwa kuyala njerwa angathe kumanga thanki. Si choncho. Khoma la okala likakhala ndi kamng'alu, malonda amapitirira. Khoma la thanki likakhala ndi kamng'alu komweko, ntchito yonse yawonongeka.

Tiyeni tiwerengere. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya mamita 2 m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka kuya kwake imasunga malita 6,000. Amenewa ndi matani 6, kulemera kofanana ndi matumba 120 a chimanga a makilogalamu 50. Dziwe losambiramo la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi ndi kuya komweko limanyamula malita 48,000, omwe ndi matani 48. Kulemera konseku kumakankha pansi ndi m'makoma usana ndi usiku.

Kwa ife okhala m'mphepete mwa phiri la Soche, nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Malo ambiri kuno ndi otsetsereka, ndipo mabwalo ambiri anasalazidwa pothira dothi lochokera kwina. Dothi lothira limatitimira likanyowa, ndipo thanki yokhala pamwamba pake imang'aluka. Tonse tikukumbukira momwe matope ndi miyala zochokera m'phirili zinakokololera nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo mu Marichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Thanki yolemera matani angapo yomangidwa kumtunda kwa nyumba ya mnzanu popanda maziko ofika panthaka yolimba si vuto la ndalama lokha ayi, ndi ngozi. Pamalo otere, ndalama yolipira injiniya kuti adzaone malowo ntchito isanayambe si yotaya. Pitaninso ku ofesi za Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre ku Civic Centre, ku Chichiri, mukafunse ngati chomwe mukufuna kumangacho chikufunika mapulani ndi chilolezo.

Kusankha mmisiri

Mavuto ambiri amayamba tsiku losankha munthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pankhaniyi mafunso ofunika ndi atatu.

Loyamba: munamangapo kuti thanki kapena dziwe lomwe likusunga madzi mpaka lero? Musakhutire ndi zithunzi za pafoni, chifukwa chithunzi aliyense angachitenge pa Facebook. Kwerani minibasi mukaone nokha ntchitoyo, makamaka yomwe yadutsapo nyengo ya mvula, ndipo mukacheze ndi mwini wake mmisiriyo palibe. Funsani ngati anamaliza pa nthawi yake komanso ngati mtengo unasintha ntchito ili m'kati.

Lachiwiri: muli ndi mapepala anji? Makampani a zomangamanga amayenera kukhala olembetsedwa, ndipo kale ntchito yowalembetsa inkagwiridwa ndi bungwe la National Construction Industry Council, lomwe ambiri ankangoti NCIC, kudzera m'lamulo la 1996. Ngati mukulemba kampani, pemphani satifiketi yake ndipo muone ngati masiku ake sanathe. Ngati ndi mmisiri woima payekha, funsani za satifiketi ya TEVETA kapena ya Trade Test. Sukulu ya ntchito zamanja ya Soche Technical College ili pompano, ndipo imasula omanga, a mipope ndi akalipentala. Pepala palokha silimanga thanki, ndipo alipo amisiri aluso amene anaphunzirira pantchito. Koma munthu wa mapepala kapena wa mbiri yodziwika m'dera amakhala ndi chinthu chomwe akuopa kutaya.

Lachitatu: mumakhala kuti? Onani chiphaso chake cha unzika, lembani nambala yake, ndipo mudziwe nyumba yake kapena munthu wodalirika womudziwa. Nambala ya foni yokha si adilesi.

Pemphani makotesheni kwa anthu atatu, onse olembedwa, ndipo aliyense asiyanitse mtengo wa zipangizo ndi mtengo wa manja ake. Wotchipa kwambiri muchenjere naye. Kawirikawiri amakhala kuti wasiya dala zinthu zina kuti ntchito aipeze, podziwa kuti dzenje likakumbidwa simungathenso kubwerera m'mbuyo.

Ngati mukukonzetsa thanki kapena dziwe lakale, palinso funso lachinayi: madzi akuthawira pati? Amatha kutuluka pamng'alu wa khoma, polumikizira khoma ndi pansi, kapena m'mapaipi okwiriridwa. Mmisiri amene akutchula mtengo wa pulasitala, penti kapena matailosi atsopano asanafufuze potulukira madzi akufuna kukugulitsani kukongola. Mng'alu wobwera chifukwa choti nthaka ikutitimira umabweranso ngakhale muumate kangati.

Lembani, ngakhale m'kope la sukulu

Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, koma zinthu zikavuta aliyense amakumbukira zomukomera. Simufunika loya kuti mulembe mgwirizano wa ntchito yaing'ono. Tsamba limodzi kapena awiri, m'Chichewa chomveka, ndi okwanira. Mukhale zinthu izi:

Mayina, manambala a ziphaso ndi komwe aliyense amakhala. Ntchito yeniyeni ndi miyeso yake: litali, lifupi, kuya ndi kukhuthala kwa makoma ndi pansi. Mtundu wa zipangizo ndi kuchuluka kwake, komanso amene azigula. Tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Mtengo wonse ndi magawo ake a malipiro. Amene azilipira aganyu, chifukwa anyamata okumba akapanda kulipidwa amabwera pakhomo panu, osati pa mmisiri. Amene achotse dothi ndi zinyalala ntchito ikatha. Momwe ntchitoyo idzayesedwere. Chomwe chidzachitike ngati mmisiri sakuoneka masiku angapo popanda chifukwa.

Onjezerani mzere uwu, chifukwa ndi umene umapulumutsa anthu ambiri: ntchito iliyonse yowonjezera iyambe yalembedwa ndi mtengo wake, onse awiri n'kusainira, isanagwiridwe. Pokonzetsa zinthu zakale, zobisika zimatulukira ndithu. Mmisiri akagumula pulasitala akhoza kupeza zitsulo zadzimbiri kapena paipi yosweka, ndipo si kulakwa kwake. Pokumba m'dera la miyala ngati lathu lino akhoza kukumana ndi thanthwe. Gwirizanani pasadakhale kuti zikatero ntchito idzaima, mudzaona nonse, ndipo mtengo watsopano udzalembedwa.

Sainani pamaso pa mboni ziwiri, imodzi ya mbali iliyonse. Wapampando wa msika, mfumu ya m'dera kapena mkulu wa mpingo ndi mboni yabwino, chifukwa ndi yemweyo amene mudzamuitane mkangano ukabuka. Aliyense atenge pepala lake, ndipo mulijambulenso pafoni.

Magawo a malipiro

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mmisiri amene walandira ndalama zoposa ntchito yomwe wagwira alibe chomukokera kubwerera kwa inu. Ambiri sikuti amakhala ndi cholinga choba. Chimachitika n'chakuti ndalama yanu amakamalizira ntchito ya munthu wina yomwe anaidyera kale, kenako n'kudikira kasitomala wachitatu kuti adzamalizire yanu. Mzerewu ukaduka, wotsala ndi dzenje ndinu.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana K1,000,000 ya manja okha, zipangizo mukugula nokha. Ichi ndi chitsanzo chabe, osati mtengo wa pamsika. Mukhoza kugawa motere:

K100,000 tsiku loyamba, anthu ndi zida zikafika pamalo.
K200,000 kukumba kukatha ndipo zitsulo zamangidwa, inu mwaziona.
K300,000 konkire ya pansi ndi makoma ikathiridwa.
K200,000 pulasitala ndi mapaipi zikatha.
K100,000 thanki ikayesedwa ndi madzi n'kupezeka kuti sikutaya.
K100,000 yotsalayo patatha miyezi itatu, kapena mvula yoyamba yamphamvu ikadutsa.

Gawo lomalizali si nkhanza. Ngakhale pa ntchito zikuluzikulu za misewu ndi nyumba za maofesi, mwini ntchito amasunga kagawo ka ndalama, kawirikawiri K5 kapena K10 pa K100 iliyonse, mpaka nthawi yoona zolakwika itadutsa. Mmisiri wodzidalira sakana zimenezi ngati mwamuuza poyamba pomwe.

Lipirani kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki, ku nambala yomwe ili m'dzina la mmisiriyo, ndipo uthenga wake musaufufute. Ngati mwapereka ndalama pamanja, alembe m'kope lija kuti walandira zingati, tsiku liti, za gawo liti, n'kusainira.

Nanunso sungani pangano. Gawo likatha, lipirani tsiku lomwelo. Mmisiri ali ndi aganyu ofuna ndalama ya ufa madzulo aliwonse, ndipo ambiri amene amathawa ntchito amathawa mabwana ozengereza kulipira. Musayambitse ntchito ndalama zake musanazione. Ndi bwino kumanga thanki yaing'ono yomwe mungaimalize kusiyana ndi yaikulu yomwe idzaime pakati.

Zipangizo gulani nokha

Mitengo ya zipangizo zomangira imayenda ndi mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo amene anali pakati pa ntchito nthawi imeneyo akudziwa momwe makotesheni anasandukira mapepala wamba. Mukapereka ndalama ya zipangizo kwa mmisiri iye n'kuchedwa kugula, mtengo ukakwera mkangano umakhala woti alipire kusiyanako ndani. Mukagula nokha, funso limeneli silikhalapo.

Tengani mndandanda wa mmisiri, yendani m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni, yerekezani mitengo, ndipo musunge malisiti onse. Zitsulo, mapaipi ndi miyala ya kwale mukhoza kugula zonse pakamodzi chifukwa sizionongeka msanga. Simenti ndi wosiyana. Amakoka chinyezi, ndipo akakhala miyezi yoposa itatu mphamvu yake imayamba kutsika. Gulani wa gawo lomwe likubwera, muike pamatabwa m'chipinda chouma, kiyi akhale ndi inu. Thumba lomwe muli zibuma zolimba zosaphwanyika ndi zala likaneni.

Pathumba pamalembedwa nambala ya mphamvu ya simenti, monga 32.5 kapena 42.5, komanso pamayenera kukhala chizindikiro chosonyeza kuti anayesedwa, monga cha Malawi Bureau of Standards. Palinso simenti wopangidwira kuyalira njerwa ndi kupakira pulasitala basi, yemwe sayenera kulowa m'konkire yonyamula katundu. Funsani wogulitsa akuonetseni zolembedwa pathumbapo. Thumba lathunthu ndi makilogalamu 50. Ngati likuoneka kuti linasokedwanso kapena likupepuka, liyezeni pasikelo.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wopanda dothi. Kuuyesa n'kosavuta. Thirani mchenga m'botolo loonekera m'kati mpaka theka, onjezerani madzi, khutchumulani, n'kulisiya usiku wonse. Dothi limakhazikika pamwamba pa mchengawo. Ngati mzere wa dothiwo ndi wokhuthala, mchengawo sungagwire bwino simenti.

M'mawa uliwonse tulutsani matumba owerengeka, ndipo madzulo mulandire mapepala ake opanda kanthu. Njira imeneyi ndi yakale, koma simenti wotuluka pakhomo la kuseri amachepa.

Masiku oyenera kutseka benchi

Wamalonda sangakhale pamalo omangira tsiku lililonse. Koma pali nthawi zitatu zomwe muyenera kusiyira wina malonda n'kukaima pamalopo, chifukwa zolakwika za nthawi zimenezi zimakwiririka osaonekanso.

Yoyamba ndi pamene zitsulo zamangidwa, konkire isanathiridwe. Werengani zitsulozo, onani ngati ndi saizi yomwe munagula, ndipo muzijambule. Zisagone padothi kapena kukhudza matabwa. Ziyenera kutukulidwa pang'ono kuti konkire izikute mbali zonse, apo ayi zidzachita dzimbiri n'kung'amba khoma kuchokera m'kati. Mapaipi olowetsa ndi otulutsa madzi aikidwiretu nthawi imeneyi. Kuboola khoma louma kuti mulowetse paipi ndi kutsegulira madzi njira.

Yachiwiri ndi tsiku lothira konkire. Muyeso wodziwika wa konkire yonyamula katundu ndi gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala. Pa ntchito yosunga madzi amisiri ambiri amawonjezera simenti, n'kuchita gawo limodzi la simenti, limodzi ndi theka la mchenga ndi atatu a miyala. Muyeso womwe mwagwirizana ulembedwe, ndipo ayezere ndi ndowa imodzimodzi, osati ndi fosholo kapena maso. Kumbukirani kuti matumba awiri a simenti ndiwo amadzaza wilibala imodzi ya omanga. Yang'aniraninso madzi. Aganyu amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa siivuta kusakaniza, koma ikauma imakhala yofooka ndiponso yolowa madzi. Konkire itsinyidwe bwino kuti musatsale mphako, ndipo gawo lomwe layambidwa lithe tsiku lomwelo. Polumikizira konkire ya dzulo ndi ya lero ndi pomwe madzi amakonda kutulukira.

Yachitatu ndi sabata yotsatira. Konkire silimba chifukwa chouma ayi, imalimba chifukwa chokhala yonyowa. Iyenera kuthiriridwa kapena kufunditsidwa masaka onyowa kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yonse imawerengedwa pa masiku 28. M'dzuwa la Okutobala, konkire yosathiriridwa imachita ming'alu masiku oyamba omwe. Popeza madzi a Blantyre Water Board amatha kusiya osatsanzika, dzazanitu migolo ntchito isanayambe, ndipo mgwirizano unene amene azithirira. Mmisiri amene akukuuzani kuti mudzaze thanki patatha masiku atatu akuthamangira malipiro ake.

Ngati pali pampu ya magetsi, ailumikize ndi munthu wa magetsi wovomerezeka ndi bungwe la MERA, osati womanga. Magetsi ndi madzi zikakumana pamafa munthu. Ndipo dzenje, thanki kapena dziwe lililonse likhale lotchingidwa kapena lovundikiridwa kuyambira tsiku lokumba. Ana a m'dera sadziwa kuti ntchito sinathe.

Madzi ndiwo mboni yomaliza

Masiku olimbira akakwana, dzazani thanki pang'onopang'ono, nonse awiri mulipo. Isiyeni masiku angapo kuti makoma amwe madzi, kenako muidzazenso n'kulemba mzere pomwe madzi alekezera. Tsekani mipope yonse, musatungemo, ndipo muziona mzerewo tsiku lililonse kwa sabata.

Pa thanki yosavundikira kapena dziwe, madzi ena amauma ndi dzuwa, ndipo apa ndi pomwe mkangano umayambira. Mmisiri amati ndi dzuwa, mwini amati ndi mng'alu. Chothetsa mkanganowu ndi ndowa. Thirani madzi m'ndowa, muiike pamasitepe a dziwelo kapena pambali pake pomwe dzuwa ndi mphepo zikufika mofanana, n'kulembanso mzere. Ngati madzi atsika mofanana m'ndowa ndi m'dziwe, ndi dzuwa. Ngati a m'dziwe atsika kwambiri kuposa a m'ndowa, akutayika.

Musapeputse sentimita imodzi. Pa thanki ija ya mamita 2 mbali zonse, sentimita imodzi ndi malita 40, zigubu ziwiri za malita 20. Pa dziwe la mamita 8 ndi 4, ndi malita 320, zigubu 16. Ngati zikutayika tsiku lililonse, muzilipira pabilu ya madzi mwezi ndi mwezi, ndipo madziwo akufewetsa nthaka ya pansi pa maziko anu.

Chenjezo lina kwa okonzetsa zakale: thanki kapena dziwe lokumbidwa pansi musalikhuthule nthawi ya dzinja nthaka ili yodzaza madzi. Madzi a m'nthaka amakankha kuchokera kunja ndi pansi, ndipo chinthu chopanda kanthu m'kati chikhoza kung'aluka ngakhale kutukuka kumene. Ntchito yotere ndi ya m'chilimwe, ndipo iyenera kutha mvula ya Novembala isanayambe.

Zinthu zikasokonekera

Tinene kuti zavuta kale. Mmisiri sakubwera, kapena ntchito yake ndi yosalongosoka. Choyamba, imitsani malipiro. Musawonjezere ndalama poganiza kuti mukumunyengerera abwere. Amene wathawa ndi K300,000 sabwezedwa ndi K100,000 ina.

Chachiwiri, sungani umboni. Jambulani ntchitoyo momwe ilili, werengani zipangizo zotsala, sonkhanitsani malisiti, mauthenga a ndalama ndi zomwe munalemberana pa WhatsApp.

Chachitatu, mulembereni kalata yaifupi yopanda mawu onyoza. Munene zomwe munagwirizana, zomwe zalakwika, ndi tsiku lomwe mukufuna kuti akhale atabwera kudzakonza, mwachitsanzo masiku 7 kapena 14. Munenenso kuti akapanda kutero mudzathetsa mgwirizano n'kufuna kuti abweze ndalama za ntchito yomwe sanagwire. Kalatayo ikaperekedwe ndi mboni, inu mutsale ndi ina yofanana nayo.

Chachinayi, itanani mmisiri wina wodziwa kapena injiniya adzaone ntchitoyo n'kulemba zomwe zachitika, zomwe zalakwika ndi mtengo womalizira. Chitani zimenezi wina asanayambe kugumula kapena kukonza, chifukwa akangoyamba umboni wanu wapita.

Chachisanu, khalani pansi ndi mboni zija. Milandu yambiri yotere imathera pamenepa, ndipo n'zotchipa kwa onse. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, ndi masiku obwezera ndalama ngati zilipo.

Zikakanika, njira zilipo. Ngati ndi kampani yolembetsedwa, kadandauleni ku bungwe lomwe linailembetsa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula katundu ndi ntchito, ndipo la Consumers Association of Malawi, lomwe lili mu Blantyre momwe muno, limalankhulira ogula. Mabwalo a majisitireti a ku Limbe ndi Blantyre amaweruza milandu ya ngongole ndi kuphwanya mapangano, malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Dziwani kuti kulephera kumaliza ntchito nthawi zambiri ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, osati wa apolisi. Kupolisi kumapita nkhani ya munthu amene anatenga ndalama mwachinyengo, monga ponamizira dzina kapena kampani, kapena amene waba zipangizo zanu.

Mtima ukawawa, pewani zinthu ziwiri: kugulitsa zida zomwe mmisiri wasiya pamalo, ndi kumulengeza kuti ndi mbava pamasamba a mchezo. Zonsezi zikhoza kukusandutsani woyankha mlandu pomwe munali wodandaula.

Kwa inu ogulitsa zipangizo

Ambiri mwa awerengi a tsamba lino muli mbali inayo. Mumagulitsa simenti, mapaipi, mchenga, miyala yoswa ndi manja, kapena mumaphikira aganyu nsima ya masana. Mmisiri akasemphana ndi bwana wake, oyamba kulira ndinu, chifukwa katundu munapereka pangongole pomva kuti bwana alipira Lachisanu.

Musanapereke katundu pangongole, dziwani amene ali ndi ngongoleyo. Ngati ndi mwini ntchito, muimbireni foni avomere yekha, ndipo dzina lake lilembedwe m'buku lanu. Ngati ndi mmisiri, mwini nyumba akhoza kukana kukulipirani ponena kuti ndalama anapereka kale, ndipo katundu amene walowa m'konkire simungamuzulenso. Ikani malire a ngongole, ndipo ulendo wachiwiri usanyamuke woyamba usanalipidwe. Wolandira katundu asainire nthawi iliyonse, ngakhale ndi wilibala zisanu za mchenga. Amayi ophikira aganyu, gwirizanani zolandira ndalama tsiku ndi tsiku kapena pakutha pa sabata, osati ntchito ikatha, chifukwa ntchito zina sizitha.

Amisiri okhulupirika alipo ambiri mumzinda muno, ndipo pepala, magawo a malipiro ndi kuyesa ndi madzi zimawateteza iwonso kwa mabwana osintha mawu. Choncho musachite manyazi kutulutsa kope ndi cholembera, ngakhale mmisiriyo ndi mlamu wanu kapena mnzanu wa kutchalitchi. Amene wakwiya chifukwa mwamupempha kuti asainire wakuuzani kale momwe ntchitoyo ikanathera, ndipo mwazidziwa ndalama yanu idakali m'thumba.